Mkwatibwi Amafundira M'nyumba

Anthu a ku Nzama ali ndi pakamwa, abale inu. Munthu sunawalakwire kanthu, iwo akupatsa kale dzina. Tawina anamupatsa loti "mkazi wa foni," chifukwa bwenzi lake Jasper anapita ku Joni kalekale kukagwira ntchito pafamu ya mphesa, ndipo chimene anthu ankaona tsiku ndi tsiku ndi Tawina ataima pachulu kuseri kwa munda wa mbatatesi, foni m'mwamba, akusaka netiweki. Amayi opita kudimba ankamulonjera mwaulemu ndithu: "Amuna anu adzuka bwanji? Batire lilipo?" Akangopitirira pang'ono n'kumaseka chikhakhali.

Zinkamuwawa Tawina, tisanamizanepo. Chinkhoswe chake chinali chitalephereka kale kamodzi, Jasper atakanika kubwera. Ulendo uno zonse zinali m'malo: Loweruka linali litagwirizanidwa, chimera cha thobwa chitagayitsidwa, mbuzi itamangidwa pamtengo wa pichesi. Ndiye kumayambiriro kwa sabata yomweyo Jasper anaimba, mawu ali ozizira. Bwana wa pafamu wakana tchuthi. Akuti ndi nyengo yothyola mphesa, wochoka achokeretu.

Tawina anakafotokozera malume ake, a Yoramu, amene anali nkhoswe yake. Anawapeza akusankha mbewu ya mbatatesi pakhonde. A Yoramu si munthu wankhanza ayi, ndi ansangala, okonda nthabwala, koma pa nkhani ya mwambo sapindika.

"Iwe mphwanga, pachinkhoswe umadziwa zimene zimachitika," anatero. "Atsikana amatuluka mmodzimmodzi atafunda chitenje kumutu mpaka kumiyendo, mwamuna n'kumafunsidwa kuti kodi ndi uyu. Kwina amayankha ndi nkhoswe, koma pabanja pathu pano amayankha mwini wake. Munthu amene akutenga mwana wathu azimudziwa ngakhale atafunda. Tsono akapanda kuyankha Loweruka lino, ine ndikabweza mawu kwa a Gibson, nkhoswe yake. Sindingakusunge pa chibwenzi cha mumlengalenga mpaka imvi."

Tawina anangoima chilili, phazi lina litaponda linzake.

"Nanga atayankha ali komweko, malume?"

"Aona bwanji ali komweko? Za vidiyo zanuzo tinayesa pamaliro a agogo ako. Nkhope ya munthu inauma pagalasi, kukamwa kuli yasa, mpaka tinamaliza nyimbo."

Ankanena zoona. Vidiyo ku Nzama ndi maloto a chumba. Mawu okha amadutsa, zithunzi zimabwera mokwawa, koma vidiyo ayi. Komatu Tawina sanali mtsikana wongodikira. Ankagwira ntchito pakashopu kotayipa ndi kusindikiza pa Nsipe, ndipo pambali pa zimenezo ankapangira anthu masamba a pa intaneti: la gulu la alimi a mbatatesi, la kasukulu kamkaka, la malo ogona alendo. Ntchito imeneyi ankaidziwa ndipo ankainyadira.

"Mundipatse mpaka Lachinayi," anatero. "Atsikanawo ndiwafundika pa intaneti."

A Yoramu anaseka mpaka kutsokomola. Koma anavomera.

Tsono opanga masamba ali ndi kathumba kawo ka zida kamene amabwereka pa intaneti, dzina lake jQuery. Iwo amati ndi laibulale, ngakhale mulibe buku ndi limodzi lomwe. Ukakaitanira patsamba lako, umangolemba liwu limodzi loti hide, chigawo cha tsamba chimene wachiloza chimabisala. Ukalemba show, chimatulukira. Tawina anaona kuti chinkhoswe chonse chagona m'mawu awiri amenewa. Mtsikana aliyense akhala ndi chigawo chake ndi zithunzi ziwiri, china atafunda, china atavundukulidwa. Jasper atsegula tsamba pafoni yake, aona wofunda mmodzi yekha, ayankha kudzera pa foni ina anthu onse akumva, kenako adina batani lolembedwa kuti "Vundukulani." Nkhope ioneka, ndipo chigawo cha wotsatira chitsika pansi pake. Kuno kumudzi azivundukula munthu weniweniyo nthawi yomweyo.

Anachipanga pa Nsipe, m'mphepete mwa msewu waukulu, pamene netiweki imachita kusefukira. Anaikamo zithunzi zoyesera, zake ndi za msuweni wake Thandi. Akadina, chitenje chinkachoka mwaulemu. Akatsegulanso, onse afunda. Anakwera njinga yamoto kubwerera kwawo akuimba nyimbo ya kwaya, mtima uli mbee.

Lachinayi masana anayala laputopu patebulo pakhonde la a Yoramu. A Gibson analipo, atabwera kudzamva tsogolo la nkhani. Azakhali ake a Tawina, a Regina, analipo. Amayi a kudimba aja nawonso anapezeka kuti ali ndi chobwereka pakhomopo, wina mchere, wina sefa, ndipo palibe amene anachoka atapatsidwa.

Tawina anatsegula tsamba.

Mayo ine! Zonse zinatulukira pamodzi. Wofunda, wosafunda, woyamba, wachiwiri, onse mbwee pagalasi, ndipo pakati penipeni panali nkhope ya Tawina mwini wake, mano onse pamtunda. Anadina apa, anadina apo, osatheka. Kachizindikiro ka netiweki kankangozungulira. Anthu anayang'ana mpaka kukhuta. Ndiye patapita nthawi, laibulale ija itafika kuchokera kumene imachokera, zithunzi zinayamba kubisala chimodzichimodzi, mwaulemu womwe uja wa pa Nsipe.

"Ehe, chafunda tsopano," anatero a Yoramu. "Titaona kale."

Amayi aja anagwirana mapewa ndi kuseka. A Gibson anayang'ana nsapato zawo.

"Ndi netiweki, malume. Ku Nsipe chimagwira bwinobwino."

"Chinkhoswe chili ku Nsipe? Mphwanga, madzi akatayika saoleka. Mkwatibwi akaonekera poyera, waonekera basi, ngakhale umufundike bulangeti pambuyo pake." Anatembenukira kwa a Gibson. "Achimwene, mawa dzuwa likamapendeka mudzamve mawu anga omaliza."

Tawina anatseka laputopu. Manyazi anamugwira, ndipo mkwiyo unali pomwepo, wokwiyira netiweki, bwana wa mphesa, ngakhale Jasper amene. Chinamupweteka koposa n'chakuti sankaona polakwika. Malamulo onse oyendetsa tsambalo anawalemba molondola. Anawawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso, osapeza ngakhale kadontho kosowa.

Lachisanu m'mawa a Regina anasonkhanitsa atsikana kunyumba kwa mayi a Tawina kuti ayeserere katulukidwe. Iwo anati mawu omaliza sananenedwe, ndiye thobwa aphika ndipo atsikana aphunzira. Tawina anakhala pamphasa pansi pa pichesi, laputopu pamiyendo, maso ali tuzu koma osaona kanthu. Thandi, amene chilichonse amachita mothamanga, anatumphuka m'nyumba chitenje chili m'manja, n'kuyamba kudzifundika ali pakati pa bwalo.

"Iwe Thandi!" anakuwa a Regina. "Wayamba liti misala? Bwerera! Amafundira m'nyumba. Ukamatuluka pakhomopo ukhale utafunda kale. Pabwalo ntchito yake ndi kuvundukula basi."

Thandi anabwerera akuseka. Tawina sanaseke. Anayang'ana chitseko chimene Thandi analowera, n'kuyang'ana malamulo ake pagalasi, ndipo anadzimenya pachipumi.

Tsamba lake linkachita za Thandi zomwezo. Linkatulutsa atsikana onse pabwalo ali osafunda, kenako n'kutuma mthenga kukaitana laibulale kutsidya kwa nyanja kuti idzawafundike. Pa Nsipe mthengayo ankapita n'kubwera diso lisanaphethire, ndiye palibe ankaona. Ku Nzama ankayenda wapansi.

Anayamba pomwepo, pamphasa. Kufundika anakuchotsa m'manja mwa laibulale n'kukulemba m'malamulo a kaonekedwe ka tsamba, amene anzake a ntchito amati CSS, pamwamba penipeni, kuti foni iliyonse iziwerenga zimenezo isanaonetse kanthu. Chigawo chilichonse chizibadwa chitabisika. Laibulale anaisiyira ntchito imodzi yokha, yovundukula. Ikachedwa, anthu adikira, koma saona kanthu. Ndipo anasiya kuibwereka kutali: anaikopera n'kuiika pamodzi ndi tsamba lake, izikhala pakhomo pomwepo. Pamwamba pa tsamba anaika mawu awiri oti azioneka podikira: "Dikirani, akufunda."

Anakwera pachulu chake chija kukatumiza zonse. Amayi awiri ankadutsa ndi makasu.

"Amuna anu adzuka bwanji?"

"Adzuka bwino, mayi. Mawa mubwere mudzawamve nokha."

A Yoramu sanafune kuyesera pakhonde. Anati pakhonde netiweki imabwera nthawi zina mwangozi. Anatenga foni yawo n'kutsetsereka nayo kudimba, kumunsi kwenikweni kumene amabzala kabichi, malo amene ngakhale kuimba foni umachita kukuwa. Tawina ankawatsatira pambuyo, matope akumata m'mapatapata. Anawatsegulira tsamba n'kuwapatsa.

"Dikirani, akufunda," anawerenga a Yoramu mokweza. Anadikira. Anazula udzu pang'ono mumzere wa kabichi, n'kuyang'ananso. Mawu omwe aja. Anagwedeza foni, anaitembenuza chadodolido, anaitseka n'kuitsegulanso mofulumira kuti aidzidzimutse. Sinaulule kanthu. Patapita nthawi kunatulukira munthu mmodzi yekha, wofunda kumutu mpaka kumiyendo, ndi batani pansi pake.

Anadina. Thandi anaonekera akuseka.

"Hmm," anatero a Yoramu. Anayesanso, n'kuyesanso. Kenako anaika foni m'thumba. "Chili ndi mwambo chinthu chakochi. Chabwino. Koma tamvera zanga. Zithunzi zenizeni ndijambula ndine lero lomwe. Uziika ine ndili pambali pako, ukamaliza foni yako ndi laputopu zigona kwa azakhali ako. Usamunong'oneze mnyamatayo kanthu."

"Ndamva, malume."

"Sindinathe. Iwe ukhala wachinayi."

Tawina anaima. "Malume, aliyense amadziwa kuti mwini nkhani amatuluka wachitatu."

"N'chifukwa chake. Ndipo chitenje chobiriwira chija anakutumizira pa Khirisimasi, uchipereke kwa Tracy, mwana wa a Regina. Msinkhu wanu ndi umodzi. Atuluka nacho wachitatu."

Apa Tawina anachita mantha enieni. Tsamba analikonza, koma ichi sichinali cholembera malamulo. Jasper anachoka kalekale. Ankamudziwa Tawina wa mawu a pafoni ndi wa zithunzi zosankhidwa bwino, zomwetulira. Nanga mulu wa nsalu wopanda nkhope? Ndipo ntchito yake yomwe ndi imene ikanamutchera msampha Jasper, chifukwa tsamba lobisa bwino silikanamuuza kuti kumbuyo kwa wachitatu kuli wina. Anaganiza zosiya kampata, kachizindikiro kakang'ono pakona. Malume sakanadziwa n'komwe. Koma pamene ankaika zithunzi madzulo amenewo, a Yoramu ali pambali akusenda nzimbe, anapeza kuti iyenso akufuna kumva yankho. Sanasiye kampata.

Loweruka bwalo linadzaza. Ena anabwera chifukwa cha chibale, ambiri anabwera kudzaona mmene mkazi wa foni achitire manyazi. Patebulo anaikapo TV yobwereka yolumikizidwa ku laputopu, kuti anthu aziona zimene Jasper akuona. Foni ya a Gibson anailumikiza ku sipika ya kwaya. Tawina anali m'nyumba, atafunda chitenje chakale cha mayi ake chofiirira, thukuta likuyenderera kumsana. Ankaona kuwala kwa pakhomo kokha kudzera mu nsalu, koma ankamva zonse.

"Jasper, ukutimva?" anafunsa a Gibson.

"Ndikukumvani, malume." Mawu ake anamveka bwalo lonse. "Koma kuno kwangolembedwa kuti dikirani, akufunda."

"Kunonso n'chimodzimodzi. Dikira."

Netiweki tsiku limenelo inachita mwano woposa masiku onse, chifukwa aliyense pabwalopo anali ndi foni m'manja. Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati, "Zija za Lachinayi zayambanso." Tawina analuma mlomo. Koma pagalasi sipanaoneke nkhope ya munthu. Tsamba linagwira chinsinsi chake mpaka wofunda woyamba anatulukira, ndipo a Regina, amene ankasuzumira pawindo, anakankha Thandi kuti atuluke.

"Mnyamata," anatero a Yoramu ndi mawu a pabwalo, "akuti unaona duwa pakhomo pano. Kodi ndi ili?"

"Ayi, malume. Ameneyo wafupika."

"Vundukula tione."

Jasper anadina kwawoko, a Gibson anadina pa laputopu, mayi wina anakoka chitenje pabwalo. Thandi pagalasi, Thandi pamaso. Anthu anakuwa ndi kudabwa, ana anathamangira kutsogolo kukaona ngati alidi yemweyo.

Wachiwiri anatuluka akudzigwedeza ngati mtsikana wa sekondale. Jasper anaseka. "Malume, amenewo ndiwapatse ulemu. Si anzanga." Atavundukula anapezeka a Regina eni ake, akuvina ndi mapewa, ndipo bwalo linagwa ndi phwete.

Kenako Tracy anadutsa pafupi ndi Tawina, chitenje chobiriwira chikukhwekhwereza, n'kutuluka. Amayi ena anayambiratu kukonza kukhosi kuti aimbe nthungululu. Wachitatu ndi wachitatu, ndani sadziwa?

"Nanga uyu?" anafunsa a Yoramu.

Yankho litachedwa, a Gibson anasuzumira foni kuona ngati yaduka.

"Chitenjecho ndachidziwa," anatero Jasper pang'onopang'ono. "Ndinagula ndine."

Nthungululu inaphulika. A Gibson anaomba m'manja n'kunena kuti, "Basi, tapeza!" M'nyumba muja Tawina anatseka maso.

"Dikirani, malume, sindinathe!" Jasper anachita kukuwa kuti amveke. "Chitenje ndi chake, koma munthuyo si iye."

Phokoso linazima.

"Ukutsimikiza?" anafunsa a Yoramu. "Pansi pa ameneyu ukuonapo wina?"

"Sindikuonapo wina aliyense. Tsamba lathera pomwepa. Koma kaya mwamubisa kuti, uyu si Tawina. Tawina akaima pamaso pa anthu, phazi lamanja limaponda lamanzere. Anaima choncho tsiku limene ndinamufunsira, anaimanso choncho pa depoti pondiperekeza. Uyu waima ngati msilikali."

Tawina anayang'ana pansi mkati mwa chitenje. Phazi lamanja linali pamwamba pa lamanzere. Misozi inangotsika yokha, ndipo anaseka ali kulira.

"Vundukula," anatero a Yoramu, ndipo mawu awo sanalinso a pabwalo.

Tracy anaonekera akugwira pakamwa. Ndipo pansi pa chithunzi chake, pamene panalibe kanthu, chigawo chachinayi chinatsika pang'onopang'ono: munthu wofunda chitenje chakale chofiirira, mapazi atapondana. Anthu anaimirira. Tawina anatuluka m'nyumba osaona kumene akuponda, a Regina atamugwira pamkono, phokoso likumuzungulira mbali zonse.

A Yoramu anatsegula pakamwa kuti afunse, koma Jasper anawatsogolera.

"Malume, musavutike n'kufunsa. Ndi ameneyu. Ndi ameneyu, malume."

A Yoramu sanalole mayi wina aliyense kukhudza chitenjecho. Anachivundukula okha, ndi manja awo a mbatatesi, nthawi yomweyo imene nkhope ya Tawina inkatulukira pagalasi. Nthungululu yake inamveka mpaka ku mishoni. Amuna achikulire anayamba kuponda gule wa ngoma fumbi lili koboo, ndipo amene ankaimba mokweza kuposa onse anali amayi a kudimba omwe aja, wa mchere ndi wa sefa. Tawina anawayang'ana m'maso mmodzimmodzi, mutu uli m'mwamba. Anakondwa, abale, anakondwa osabisa.

A Gibson anabweretsa tambala, a Yoramu anapereka msoti, ankhoswe anagwirana chanza. Ndiye panatsala mpando wa mkwati, umene unali wopanda munthu pambali pa wa Tawina chiyambire m'mawa. A Yoramu anauyang'ana, anachotsa foni ya a Gibson patebulo, anaipukuta ndi malaya awo, n'kuikhazika pampandopo moyang'ana anthu. Akuwerama kuti aiimike bwino, anaona kachizindikiro kofiira pakona.

Anadzuka msangamsanga, nkhope itasintha.

"Inu anthu, mwangoti duu bwanji?" anakuwa. "Wina athamange akatenge chaja! Mkamwini wanga asazime."